App ya banki m'khonde yasintha maonekedwe, koma zomwe tinapempha mulibemo

NyaChibavi
Abale a gulu lino, makamaka inu odziwa za makompyuta, ndithandizeni kumvetsa. Ndine mlembi wa banki m'khonde yathu ku Chibavi. Chaka chatha tinasiya buku n'kuyamba kulemba pa app ina yake yopangidwa ndi anyamata a konkuno ku Mzuzu. Dzina sinditchula, sindinabwere kudzaononga bizinesi ya ana a eni. Timalembamo masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa, thumba la zadzidzidzi, zonse.

Kuyambira pachiyambi timawapempha zinthu ziwiri basi. Choyamba, tizitha kulemba ngakhale netiweki yavuta kapena bandulo yatha, zizikalowa zokha nthawi ina. Chachiwiri, munthu akagula sheya kapena akabweza ngongole azilandira ka SMS komutsimikizira, poti amayi ambiri m'gulu mwathu ali ndi mafoni a mabatani.

Sabata yatha kwabwera update. Ndapezamo mitundu yatsopano, mizere yokwera ndi yotsika, ndi malo oikapo chithunzi cha nkhope yanga. Batani lolembera sheya lomwe linali poyera aliika mkati mwenimweni, mpaka kulisaka. Foni ya asungichuma athu ikukana n'komwe kuilandira, ikuti malo adzaza. Kodi anthu opanga ma app amamvera ndani?

Sacramento_Zolozolo
Amamvera amene wawapatsa ndalama, amama. Inu mumalipira zingati pa mwezi?

NyaChibavi
Sitilipira. Anati ndi yaulere chifukwa pali bungwe lomwe likuwathandiza.

Sacramento_Zolozolo
Ndiye mwadziyankha nokha.

dev_wa_ku_Luwinga
Amayi, ine sindili m'gulu la anyamata amenewo, koma ntchito yanga ndi yomweyo, ndiye ndiloleni ndinene za mbali inayi. Madandaulo anu ndi omveka. Koma mu update muli zambiri zomwe simuziona, ndipo nthawi yathu yambiri imathera pa zosaonekazo.

Mwachitsanzo, Google chaka chilichonse imalamula kuti app iliyonse ya pa Play Store ikonzedwe kuti igwirizane ndi Android yatsopano, ndipo tsiku lomaliza limakhala kumapeto kwa Ogasiti. Ukalephera, suloledwanso kutulutsa update ina iliyonse. Ntchito imeneyo imatha kukudyera masabata, koma wogwiritsa ntchito akatsegula app saona chosiyana. Palinso seva yosungira zolemba zanuzo, yomwe ambirife timachita lendi kunja n'kumalipira m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Bilu ya seva inakwera usiku umodzi, ndalama zolowa zili zomwezo. Ndiye madolawo uwapeze kuti? Aliyense pano akudziwa nkhani ya forex.

Tsono za kulemba popanda netiweki. Kunena n'kosavuta, kupanga ndi mutu waukulu. Tiyerekeze mlembi walemba pa foni yake kuti mayi uje wabweza K20,000, msungichuma naye walemba pa yake kuti wabweza K15,000, onse awiri alibe netiweki. Madzulo mafoni onse alumikizana ndi seva. Seva ikhulupirire ndani? Ikalakwitsa, ndi ndalama za munthu zasowa, ndipo otukwanidwa ndi ife. Kusintha mitundu ndi ntchito ya masiku ochepa, pomwe ichi ndi cha miyezi. Mukakhala anthu awiri kapena atatu pa kampani, ena akugwiranso ntchito kwina masana, mumayamba ndi chomwe chingatheke.

MphunzitsiWopuma
Mwalongosola bwino mwana wanga, koma funso la amayiwa mwalilambalala. Google inalamulanso kuti muike malo a chithunzi cha nkhope? Inalamula kuti mubise batani la sheya? Kuno ku Mzuzu mvula yake mukuidziwa. Munthu akakuuza kuti denga likudontha, iwe n'kubwera ndi chitini cha penti, usadabwe akakuyang'ana moipa, ngakhale pentiyo akhale wokongola bwanji.

dev_wa_ku_Luwinga
Adada, za batanilo sindingaikire kumbuyo. Chinthu chomwe munthu amadina kangapo pa msonkhano uliwonse sichichoka pamalo pake.

Dada_Ekwendeni
Mizere yokwera ndi yotsikayo ine ndikuidziwa kochokera. Ndinagwirapo ntchito ku bungwe lina lothandiza magulu a kumudzi. Kumapeto kwa miyezi itatu iliyonse pamafunika lipoti lopita kwa opereka ndalama, lonena kuti magulu alipo angati, amayi ndi angati, achinyamata ndi angati, ndalama zasungidwa zingati. Mizereyo ndi ya lipoti limenelo. Malo a chithunzi ndi otsimikizira kuti mamembalawo ndi anthu enieni osati mayina ongopeka. Ndiye anyamatawo sikuti sakumvera munthu ayi, akumvera bwino kwambiri, kungoti amene akumumverayo amakhala mu ofesi ku Lilongwe kapena kunja, ndipo sanakhalepo pa mkeka tsiku la msonkhano. Mgwirizano wawo umanena zomwe ayenera kupereka kuti alandire gawo lotsatira la ndalama. SMS ya amayi a ku Chibavi ikakhala kuti mulibe mu mgwirizanomo, idikira.

AuntieWaTaifa
Ine ndiye ndinabwerera ku buku kalekale. Ndinali ndi app yolembera katundu wa pa shopu, ma zitenje ndi nsapato zochokera ku Tanzania. Tsiku lina kasitomala ali chiimire ikundiuza kuti ndiyambe ndapanga update. Bandulo ndinalibe. Buku langa la hardcover silinandiuzepo zimenezo.

Sacramento_Zolozolo
Koma buku likanyowa Auntie musadzalire pano.

AuntieWaTaifa
Lili m'jumbo mwana iwe. Iwe samala za njinga yako pa chitunda cha Katoto.

bugfixer265
Ndikufuna nditsutsane pang'ono ndi achimwene a ku Luwinga, ngakhale tonse timadya za code. Zonse mwanenazo n'zoona, koma ife opanga ma app tili ndi matenda athu omwe sitikonda kuwatchula. Timayesera app pa foni zathu. Foni ya wopanga app imakhala yabwino, malo ambiri, ili pa WiFi ya ku ofesi kapena ya ku Mzuni. Pa foni yotero chilichonse chimathamanga. Ndi angati mwa ife amene ali ndi ka itel ka Android Go m'kabati koyesera? Ndi angati anayesapo app yawo ali m'minibasi pa msewu wa ku Nkhata Bay pomwe netiweki imangobwera n'kumapita?

China n'chakuti timadalira manambala omwe app imatitumizira, oonetsa kuti anthu akudina pati. Koma manambalawo amachokera kwa okhawo ali ndi bandulo komanso foni yomwe yalandira update. Asungichuma a NyaChibavi, omwe foni yawo yakana, mulibemo m'manambalamo. Auntie a ku Taifa omwe anabwerera ku buku mulibemonso. Ndiye wopanga akayang'ana amaona kuti onse otsala ali ndi mafoni abwino, n'kunena kuti palibe chifukwa chovutikira ndi mafoni akale. Osadziwa kuti ndi iye mwini anawathamangitsa.

Ngakhale pa gulu la WhatsApp la makasitomala, olankhula kwambiri ndi anyamata odziwa Chingerezi, opempha dark mode, yoti sikirini izioneka yakuda, ndi kulowa ndi chala. Mayi amene batani lamusowa sadandaula pa gulu, amachita manyazi, amaganiza kuti wopusa ndi iyeyo. Amangosiya.

NyaChibavi
Achemwali mwanena zenizeni. Apampando athu anandiuza kuti "mwina ndi ukalambawu", pomwe vuto si iwo.

Koma ndibwerere kwa achimwene a ku Luwinga pa nkhani ya K20,000 ndi K15,000 ija. Kwathu sizingachitike. Pa banki m'khonde wolemba ndi mmodzi, mlembi. Msungichuma amawerenga ndalama, owerengera awiri amabwereza, n'kutchula mokweza gulu lonse likumva, ine n'kulemba. Palibe amalemba ali kunyumba kwake. Zonse zimachitika pa msonkhano, maso a anthu onse ali pompo. Ndiye ngati vuto lanu ndi mafoni awiri kutsutsana, tipatseni foni imodzi yolemba, enawo azingoona. Ndani anakuuzani kuti tonse timafuna kulemba?

bugfixer265
Mwaona? Vuto la miyezi lija amayi alichepetsa ndi ndime imodzi. Munthu akanangopita kukakhala nawo msonkhano umodzi akanaziona yekha.

dev_wa_ku_Luwinga
Lachepa, koma silinathe. Foni imodziyo ikabedwa kapena ikagwera m'madzi zolemba za masabata atatu zisanakwere ku seva? Disembala nthawi yogawana mudzati app yadya ndalama zathu. Komanso si magulu onse amayenda ngati lanu. Pali magulu a anthu apantchito omwe sakumana n'komwe, amangotumizirana pa Airtel Money kapena Mpamba, wina ali ku Karonga wina ku Blantyre. Iwowo amafuna aliyense azilemba yekha. App ndi imodzi, magulu ndi osiyana. Mukamupangira uyu, uyo akudandaula. Walira mvula walira matope.

NyaChibavi
N'chifukwa chake tinapempha SMS ija. Foni yanga ikatayika, membala aliyense ali ndi umboni wake m'foni mwake. Kale aliyense anali ndi kabuku kake kodindamo masheya. App inatilanda timabukuto koma sinatipatse cholowa m'malo mwake. Pano amayi amangokhulupirira ine, ndipo ine sindikufuna kukhulupiriridwa choncho pa ndalama za anthu. Za magulu a apantchitowo, iwo bandulo ali nayo, angadikire.

Chiputula_Boy
Bwanji osangopanga za *211# zija basi? Agogo anga ku Mzimba sadziwa kuwerenga bwino koma ndalama amatapa okha. Mayunitsi a magetsi timagula momwemo, manambala 20 aja amabwera pa SMS, palibe update, palibe bandulo.

dev_wa_ku_Luwinga
Imeneyo ndi USSD, ndipo ndi chifukwa chake *211#, *444# ndi *626# zinafika pomwe ma app sanafike. Imagwira pa foni iliyonse. Koma si chinthu chongodzuka n'kupanga uli ku chipinda kwako. Uyenera kupeza nambala yakeyake, kugwirizana ndi makampani a mafoni, ndi kulipira, ndipo mitengo yake ndi ya mabanki osati ya anyamata atatu. Komanso USSD imaduka ukachedwa kuyankha, ndipo pa sikirini pamakwana mawu ochepa. Kulemba masheya a gulu lonse mmodzimmodzi pa USSD msonkhano ungathe usiku. Yofunsira kuti ngongole yanga yatsala zingati, apo ndiye ingathandize.

MphunzitsiWopuma
Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, munthu amangoimba 54747 n'kulankhula ndi wazaumoyo. Mpaka lero chilipo ndipo boma linachitenga. Sanayambe ndi kufunsa kuti tipange app yotani, anayamba ndi foni yomwe mayi wa kumudzi ali nayo kale m'manja. Ana a masiku ano mumayamba ndi app, kenako n'kumasaka munthu woti aigwiritse ntchito.

bugfixer265
Ngakhale akuluakulu anadzichepetsa adada. Facebook inatulutsa Facebook Lite mu 2015 chifukwa inaona kuti m'mayiko ngati athu app yaikulu ija siyenda. Koma kuti tinene mwachilungamo, WhatsApp nayo mu Okutobala 2023 inasiya kugwira pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0. Palibe angasamale foni iliyonse mpaka muyaya. Nkhani ndi yakuti mzerewo ukuudula pati, ndipo ukuudula ukudziwa amene akutsala kunja kapena ukungoganiza.

MwanaWaKwithu
Inu mukukamba za mabatani, ine funso langa ndi la chilankhulo. App yapangidwa ku Mzuzu, yogwiritsa ntchito amama a ku Mzuzu, Rumphi, Ekwendeni, koma ili m'Chingerezi chokha. Akayesetsa ndi Chichewa. Chitumbuka chili kuti? Ngakhale Google Translate inaika Chitumbuka mu 2024, ife eni ake tikulephera?

Sacramento_Zolozolo
Nanga iwe walemba m'chilankhulo chanji apa?

MwanaWaKwithu
Ndalemba kuti nawenso umve, yewo chomene.

Chiputula_Boy
Mukayamba zimenezo a ku Karonga afuna Kyangonde, a ku Nkhata Bay Chitonga, a ku Chitipa ndiye musayambe n'komwe, zilankhulo zake sizitha kuwerenga.

bugfixer265
Kumasulira app yaing'ono ngati imeneyi si ntchito yaikulu ngati munaimanga bwino poyamba, mawu onse amakhala m'fayilo imodzi. Chovuta ndi chakuti update iliyonse uyenera kumasuliranso zatsopano m'zilankhulo zonse, apo ayi app imasanduka ya theka Chitumbuka theka Chingerezi. Palinso kena koseketsa pa SMS. Uthenga umodzi umakwana zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo cha ŵ, chija cha kadenga, foni imasintha kalembedwe ndipo uthenga umodzi umangokwana zilembo 70. Ndiye uthenga womwewo umalipiridwa kawiri kapena katatu. Chitumbuka ŵ ali paliponse. Mungalembe w wamba, anthu amva ndithu, koma wopanga ayenera kudziwa zimenezi asanalandire bilu.

MwanaWaKwithu
Chotsani kadengako, ife tiwerenga. Bola mawu akhale athu.

Fundi_wa_mafoni
Amama a ku Chibavi, foni ya asungichuma anuwo mwina si vuto la app lokha. Mafoni amenewa amabwera kwa ine tsiku ndi tsiku, ukatsegula upeza mavidiyo a WhatsApp a maukwati ndi maulaliki adzaza. Apite pa WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage, afufute zazikuluzikulu, azimitsenso zoti mavidiyo azilowa okha. Kapena agule memory card. Akalephera abwere nayo mu msika, sindilipiritsa zimenezo.

NyaChibavi
Zikomo afundi, tiyesa. Koma mavidiyo a ukwati wa mwana wawo ndikawauze kuti afufute chifukwa cha mizere ya lipoti la ku Lilongwe? Mukawauze ndinu.

Dada_Ekwendeni
Hahaha. Koma pa chithunzi cha nkhope paja ndiwonjezepo. Musamangoika. Afunseni kuti zithunzizo ndi manambala a chitupa cha unzika akusungira kuti, ndipo akuona ndani. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Mndandanda wa amayi, mafoni awo, ndi ngongole zomwe ali nazo ndi chuma kwa anthu a katapila ndi akuba a pa foni aja amati "tumizani pa nambala iyi". Apa ndiye ndingawakhululukire anyamatawo atati mwezi wonse anathera pa kutseka mipata ya akuba osatulutsa chatsopano chilichonse. Zimenezo wogwiritsa ntchito sapempha, koma ndi zoyamba.

dev_wa_ku_Luwinga
Apa mwandinenera. Palibe kasitomala anabwerapo kudzati chonde konzani backup, kusunga zolemba penanso kuti zikasowa zibwezedwe. Amabwera tsiku lomwe zinthu zasowa. Ndiye tikamati sitingangotsatira zopempha za anthu, sikuti ndi mwano. Mndandanda wa zopempha ukautsatira wonse app imasanduka chinthu chosadziwika mutu wake, yolemera, ndipo foni yoyamba kuikana ndi ya asungichuma omwewo.

bugfixer265
Palibe wanena kuti atsatire zonse achimwene. Amayiwa apempha ziwiri, chaka chathunthu, ndipo zonse zikukhudza ntchito yeniyeni ya app, kulemba ndalama ndi kutsimikizira mwini wake. Kumene ndimagwira ine timafunsa mafunso atatu pa chopempha chilichonse. Chikapanda kupangidwa munthu alephera kugwira ntchito yake kapena angodandaula? Chikukhudza anthu angati, kuphatikizapo osalankhula aja? Chitidyera nthawi yochuluka bwanji, lero ndi m'tsogolo pochisamala? Dark mode imagwa pa funso loyamba. Kulemba popanda netiweki kumapambana awiri oyamba, n'kuvuta pa lachitatu, ndiye umasaka njira yachidule ngati ya foni imodzi ija.

Ndipo ngati sizitheka chaka chino, kuwauza anthu. Chomwe chimapweteka si kukanidwa, ndi kungoti "tamva amayi, tikonza" kenako zii.

NyaChibavi
Eeh, "tikonza" ameneyo ndiye ndamumva mpaka kutopa naye.

TimuYaApp
Moni nonse. Wina wanditumizira zokambiranazi ndipo ndikukhulupirira kuti app ikunenedwayi ndi yathu. Sinditsutsa zomwe zanenedwa. Dada a ku Ekwendeni alondola za lipoti, linali mu mgwirizano ndipo linali ndi tsiku lake. Batani la sheya libwerera pamwamba mu update yaing'ono ikubwerayi. Maganizo a foni imodzi yolemba tawatenga, tikufuna tidzakhale nawo pa msonkhano wanu tione mmene mumachitira, mukatilola.

Za SMS ndinene mosabisa. Kupanga si kovuta, tikhoza kumaliza msanga. Vuto ndi lakuti SMS iliyonse imalipiridwa, ndipo gulu limodzi pa msonkhano umodzi ndi mauthenga makumi angapo. Muwerengere magulu onse, sabata iliyonse, chaka chonse. Bungwe lotithandiza linati ndalama zake si za zimenezo, ndipo thandizolo lili ndi malire, likadzatha tidzatsala tokha ndi bilu. Ndiye funso ndibweze kwa inu amayi. Gulu lanu lingalole kumalipira kandalama pa mwezi kuti ma SMS azibwera?

Sacramento_Zolozolo
Ndinanena ine poyamba paja. Tafika pa ndalama.

AuntieWaTaifa
Yayamba yaulere, pano ayamba kandalama. Mawa adzati kandalama kakwera chifukwa cha dola. Amayi samalani.

MphunzitsiWopuma
Ine ndikuona mosiyana Auntie. Akamalipira ndiye kuti ali ndi pakamwa. Pano akupempha ngati opemphetsa, akadzayamba kulipira azidzalamula, ndipo akadzanyanyala anyamatawa adzamva m'thumba. Koma mtengo ulembedwe, ndipo zolemba zawo azitha kuzitulutsa n'kuchoka nazo tsiku lomwe afuna.

NyaChibavi
Achimwene a TimuYaApp, kubwera bwerani, timakumana Lamlungu masana tikaweruka ku tchalitchi. Za kulipira sindingayankhe ndekha, ndalama ndi za gulu ndipo malamulo athu amati chilichonse chotuluka m'bokosi chivomerezedwe ndi onse. Munditumizire mtengo weniweni, wa pa mwezi, osati "kandalama". Mundiuzenso ngati tingasankhe kuti SMS izibwera pa kubweza ngongole pokha, chifukwa mikangano yathu yambiri imakhala pamenepo, masheya anthu amakumbukira.

TimuYaApp
Zotheka, ndipo zitsitsa mtengo kwambiri. Ndiwerengera ndi anzanga usiku uno.

dev_wa_ku_Luwinga
Muwerengerenso za mauthenga omwe safika chifukwa nambala inasintha kapena SIM inatsekedwa. Amenewonso mumalipira, ndipo mayi amene sanalandire adzabwera kwa mlembi, osati kwa inu.

NyaChibavi
Ameneyo ndithana naye ndine, manambala a anthu anga ndimawadziwa. Inu tumizani mtengo lisanafike Loweruka kuti ndikauike pa ndondomeko ya msonkhano.